Jekete Ija Ndaibwezera M'chikwama

Fina mwana wanga,

Usaseke kuti ndikukulembera kalata chonsecho tikugona pansi pa denga limodzi. Ukudziwa wekha mmene pakamwa panga pakhalira chindigwireni sitirokoyi. Ndikayamba kuyankhula umagwedeza mutu mwaulemu, koma ndimaona m'maso mwako kuti wamva theka. Nkhani ya lero si yoti umve theka. Mwayi wake matendawa anasankha mbali ya kumanzere, dzanja lamanja anandisiyira. Ndiye ndakhala pansi pa bwemba pano chiyambire m'mawa, mthunzi ukasuntha nane ndikukoka mpando, ndipo ndilemba mpaka zonse zithe. Uwerenge yonse, usadumphe mizere.

Ndiyambe ndi jekete. Jekete ija munakagula ndi amayi ako pa kaunjika wa pa Mtakataka, yokhuthala ngati matiresi, imene anthu anakusekani nayo kuti kodi ku Golomoti kwayamba kugwa chisanu. Unaiika pansi penipeni pa chikwama chako, ndinakuona. Dzulo ndaipeza ili pa msomali kuseri kwa chitseko. Mwezi wa Okutobala uno, abuluzi omwe akubisala dzuwa, ndani angatulutse jekete yotero kuti avale? Ndinadziwa pomwepo kuti wayamba kumasula katundu. Kenaka ndinakumva pa foni kuseri kwa khola la mbuzi ukuuza mnzako kuti, "Ndiwalembera a kusukuluko kuti ndidzapita chaka china, ababa sali bwino." Pakamwa ndiye panapindika, mwana wanga, koma makutu ali bwinobwino. Mawa ndi tsiku loti ukwere minibasi ya ku Lilongwe, mkucha ndege, ndipo unandiuza wekha kuti malo a maphunziro amene anakupatsa kunjako sadikira munthu, ukapanda kufika amapatsa wina. Ndiye iwe ukufuna kuwataya chifukwa cha ine. Ndakwiya, Fina. Ndakwiya komanso ndalira, kaya chinayamba ndi chiti.

Kulalata sindingathenso, ndiye ndikuuza nkhani za uvuni, poti ndi zimene ndimadziwa. Ndaumba ndi kuotcha njerwa kuyambira ndisanamere ndevu. Nyumba zambiri za pa Golomoti pano, kukafika ku Mua, utakanda pulasitala upezamo chala changa.

Tsiku limene unabadwa ndinapha uvuni. Kaya amayi ako anakuuzapo. Inali nthawi ija anthu anali atangoyamba kuvala nsalu za zipani zosiyanasiyana, pamsika aliyense akuyankhula mokweza ngati wamasulidwa chingwe. Ine ndale zinalibe nane ntchito, mutu wanga unali pa nyumba. Tinkakhala m'kanyumba ka zidina kofolera udzu, ine mkamwini watsopano, ndipo ndinali nditawalonjeza amayi ako kuti mwana wathu woyamba adzakwawira m'nyumba ya njerwa zootcha. Chilimwe chonse ndinali m'matope. Dothi ndinkakumba pa chulu chija chinali kumunda kwa agogo ako, madzi tikutenga ku Livulezi pa ngolo, ine ndi chikombole mpaka msana kuuma. Tinasanja uvuni ndi atsibweni ako a Lufeyo, tinaumata bwinobwino, n'kuyatsa. Utsi woyera uja wa chinyezi unatha, moto unafika poti tsopano njerwa ziyambe kupsa, nthawi imene munthu sasuntha pa makomo a uvuni ngakhale kukamwa madzi. Ndiye pamene kunafika uthenga woti amayi ako awatengera kuchipatala ku Mua, nthawi yakwana. A Lufeyo anali atapita ndi ngolo kukatenga zitsa zina. Ndinayang'ana moto, ndinayang'ana njinga. Ndinakwera njinga.

Ndinapalasa ngati wamisala, dzuwa lili pamutu. Ndinafika ku Mua thukuta lili kamukamu, thupi lonse lili bii ndi mwaye. Anamwino anangondiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kundilozera panja, pamene panakhala amuna anzanga osowa chochita. Patapita nthawi kunatulukira agogo ako aakazi, omwe ankadikirira matenda. Anaima chapatali, nkhope atayang'ana kumbali monga amachitira apongozi, n'kufunsa chapansipansi kuti, "Akamwini, uvuni mwasiyira yani?" Ndinati palibe. Analowa mkati, osachedwa anatulukanso ndi mawu a amayi ako. "Akuti ndikufunseni ngati mubereke ndinu." Amuna aja anaseka mpaka wina anagwa pa benchi. Ndinakhala pamenepo, Fina, manja ali m'khosi, mpaka unabadwa bwinobwino popanda thandizo langa ngakhale lochepa. Pobwerera ndinapeza a Lufeyo akhala pa ngolo, uvuni uli zii. Tinayesa kuuyatsanso, koma moto wozima pakati pa ntchito subwerera mwakale. Njerwa zina zinang'aluka, zina zinafiira kunja kokha mkati muli dothi, mvula yoyamba itagwa zinasungunuka tikuona. Unakwawira m'zidina, n'kuyambanso kuyenda m'zidina momwemo.

Chinali chikondi chimene chinandikweza njinga, sindikana. Koma sichinathandize amayi ako, sichinathandize iwe, chinangopha uvuni. Tsopano taona, nawenso wayang'ana moto, wayang'ana njinga, ndipo ukufuna kuchita za bambo ako zomwezija. Ukakhala pano uzichita chiyani, tandiuza? Mafizo olimbitsa thupi amandichititsa ndi amayi ako, ndipo nkhanza zawo pa ntchito imeneyi iwe sungazifike. Mapiritsi ndimameza ndekha. Tsiku la kuchipatala a Lufeyo amabwera ndi njinga yamoto kusanatenthe. Ntchito imene yatsala ndi ya pa benchi ija, yongokhala n'kumandiyang'ana ndi maso achisoni, ndipo imeneyo sindikulemba munthu. Usausiye moto, Fina.

Ukukumbukira wailesi yanga ija yovala chikopa chakuda, imene ndinkaikoloweka pa nthambi ndikamaumba? Itafa ndinaisunga pa denga kuti mwina tsiku lina ndidzaikonzetsa. Iwe uli ku pulayimale unaitsitsa, unaiphwasula ndi mpeni wa amayi ako, n'kuchotsa maginito a kusipika. Unawamangirira chingwe n'kumawakoka mumchenga wa Livulezi, mtsinje utauma, ngati ukuyendetsa kagalu. Ankabwera atamera tsitsi lakuda la tizitsulo. Ndikukuona mpaka lero, kadiresi kobiriwira kong'ambika m'khwapa, mapazi oyera mbuu ndi fumbi, ukundilozetsa maginito kumaso. "Ababa, chitsulo chimenechi wachithira mumchenga ndani?" Ine sindinkadziwa, koma bambo wa pa Golomoti anganene kuti sakudziwa pamaso pa mwana wake? Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinaona njanji. Ndinati ndi zinyenyeswa za njanji, sitima ikamadutsa imapala chitsulo, mphepo n'kuchiulutsira kumtsinje. Ndinalikonda yankho limenelo moti ndinayamba kulikhulupirira ndekha, mpaka ndinakalifotokozera anzanga pa bawo, onse anavomera kuti n'zoona.

Loweruka lotsatira unapita ndi amayi ako ku nkhuni kumtunda, m'tsinde mwa phiri, maginito ali m'thumba. Unabwera nawo atamera tsitsi kuposa kale. Unaima patsogolo panga, dzanja lina lili m'chiuno, n'kufunsa, "Ababa, sitima inakafikako liti kuphiri?" Ha! Amayi ako anatula mtolo wa nkhuni kuti aseke bwino. Tsiku limenelo ndinaphunzira kunena kuti sindikudziwa, ndipo sindinafe nazo. Kumene ukupitako udzakumana ndi anthu a ndevu zoyera, odziwa zambiri, koma nawonso tsiku lina adzayang'ana uku ndi uku n'kukulozera njanji. Uwalemekeze, usawachititse manyazi pagulu, koma ukatero upite kuphiri ndi maginito ako ukaone wekha. Ndipo iwenso akakufunsa chimene sukudziwa, unene kuti sukudziwa. Osamapeka za njanji ngati bambo ako.

Maginito amenewo ndi amene anakutengera ku koleji ku Zomba kukaphunzira za miyala, anthu kuno akudabwa kuti mwana wamkazi wanzeru chonchi osaphunzira unamwino bwanji. Nanenso ndinkadabwa, kungoti sindinkanena. Ndinadzamvetsa chaka chino, mwezi uja wa mphepo, pamene unabwera ndi uthenga woti akutenga kunja kukaphunzira za mkati mwa mapulaneti. Unandipeza nditangomaliza kuotcha uvuni uwu uli kuseri kwa nyumbawu. Moto tinali titauleka masiku angapo m'mbuyomo, makomo titamata, utsi kulibe. Unagwira khoma lake n'kuchotsa dzanja msanga. "Ukadali wotentha chonchi?" Ndinati kunjaku n'kusewera, pakati pake ukhoza kuotcha mbuzi yathunthu. Unakhala pa chikombole chovundikira n'kunena kuti, "Ababa, ndiye kuti ntchito yanga mukuidziwa kale. Dziko lapansili ndi uvuni womata."

Ndikubwezera zimene unandiuza tsiku limenelo, kuti uone kuti ndinamva, komanso kuti uzimvenso wekha, poti zikuoneka kuti waziiwala. Unati pansi pathu pano, kupitirira pamene chitsime kapena mgodi uliwonse unafikapo, kupitirira miyala yonse, pakatikati penipeni pa dziko pali chitsulo. Unati dziko likupangika linali lotentha moti zonse zinali zosungunuka, ndiye chitsulo, poti n'cholemera, chinamira n'kukaunjikana pakati, miyala yopepuka n'kutsala pamwamba n'kuuma. Ife ndi minda yathu, Livulezi ndi phiri la Dedza lomwe, tili pa dothi lomatira kunja. Unati chitsulo cha pakati penipeni n'cholimba chifukwa chapanikizidwa ndi kulemera kwa dziko lonse, koma chimene chachizungulira n'chamadzimadzi, chotentha mosaneneka, ndipo chimatakasika usana ndi usiku osapuma. Kutakasika kumeneko, pamodzi ndi kuzungulira kwa dziko, ndi kumene kumasandutsa dziko lonse kukhala maginito aakulu. Ndinafunsa kuti nanga ife maginito amenewo atipindulira chiyani, poti sititola nawo misomali. Unati dzuwa silitumiza kuwala kokha, limaponyanso mphepo ina yosaoneka imene ikanamapala mpweya wathu pang'onopang'ono, koma maginito a dziko amaipatutsa kuti idutse m'mbali. Kenaka ndinati, "Ndiye kuti tikupuma chifukwa cha chitsulo choti palibe anachionapo?" Unati, "Mbali ina inde, ababa."

Apo mpamene ndinaganiza kuti ndakugwira. Ndinati ngati palibe anafikako, mwadziwa bwanji, kapena ndi za njanji zomwe zija? Unaseka n'kutola njerwa ziwiri zakale pa mulu. "Inu njerwa yakupsa mumaidziwa bwanji osaiswa?" Ndinati ndimaigogoda. Yakupsa imalira kuti ngee ngati chitsulo, yosapsa imangoti phu. Unati nanunso a za miyala mumatero. Chivomezi chikachitika chimagogoda dziko lonse, ndipo pali makina m'maiko osiyanasiyana amene amamvetsera mmene kugwedezekako kwadutsira mkati. Kugwedezeka kwina sikudutsa m'zamadzimadzi, ndiye kukasowa mbali inayo ya dziko mumadziwa kuti pakati pali chosungunuka. Ine ndinakumbukira zivomezi za kuno kumunsi kwa phiri, mbale zikulira pa thandala, nkhuku zikutetera, amayi anga malemu akutuluka panja n'kumati kwinakwake kwamwalira munthu wamkulu. Sitinkadziwa kuti pali anthu ena amene pa nthawi yomweyo atchera khutu pansi. Ndinanyadira, Fina, kuti mwana wanga akhala mmodzi wa iwo. Sindinakuuze tsiku limenelo, ndinangoti tiye tikadye.

Za kugogodazi zandikumbutsa kupusa kwina kwa unyamata wanga. Uvuni woyamba umene ndinaotcha pandekha, ndisanakwatire, ndinaumata bwino n'kupita kunyumba, koma mtima sunakhale pansi. Kodi zapsa? Kodi pakati pafika moto? M'mawa mwake ndinatenga chikwanje n'kuboola khoma kuti ndingosuzumira pang'ono. Sindinaone kanthu, nsidze zokha ndi zimene zinapsa. Koma mwera unalowera pa bowo lomwelo, ndipo potsegula tinapeza njerwa za mbali yonseyo zitang'aluka. Ndinayenda wopanda nsidze mwezi wathunthu, atsikana a pa mjigo akundiseka, mmodzi mwa iwo ali amayi ako.

Ndikudziwa chimene chikukuopsa, ndipo ndichinena poyera poti iwe ukuchizemba. Ukuopa kuti ndidzafa uli kutali, komanso kuti tizidzakunamiza pa foni kuti zonse zili bwino mpaka tsiku la maliro litadutsa. Anthu amachitadi zimenezo, ati kuopa kusokoneza mwana. Ine ndawaitana amayi ako ndi a Lufeyo, ndawalembera papepala pamaso pawo kuti iwe usadzabisiridwe kanthu, chabwino kapena choipa, ndipo avomera. Koma iwenso usakhale woboola khoma tsiku ndi tsiku. Usamaimbe m'mawa, masana ndi madzulo, mabuku ali chitsegulire, mtima uli ku Golomoti. Uziimba Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Mawu anga sadzamveka onse, koma iwe ntchito yako ndi yomvetsera zinthu zimene sukuziona. Udzamva wekha ngati ndikulira kuti ngee kapena phu.

Tsopano ndifike pa chimene chandikhazika pansi pa bwemba tsiku lonse. Madzulo a tsiku lomwe lija unagwira khoma la uvuni, mbuzi zikulowa m'khola, unandiuzanso za Mars, pulaneti lofiira lija limene ine moyo wanga wonse ndinkaliyesa nyenyezi. Unati kumeneko kuli makwawa a mitsinje youma ngati Livulezi wa mwezi uno, kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko dzinja silibweranso. Kale kunali madzi oyenda ndi mpweya wochuluka, lero ndi fumbi lokhalokha. Ine ndinathamangira kuyankha monga katswiri, ndinati linazizira poti ndi laling'ono, uvuni waung'ono suchedwa kupola. Unati ndayandikira, koma nkhani sinathere pamenepo. Unati makina amene anatumizidwa kumeneko kukamvetsera zivomezi anapeza kuti chitsulo cha mkati mwake chikadali chosungunuka, chikadali chotentha. Kungoti chinaleka kutakasika mokwanira. Chitaleka, maginito anatha, mphepo ya dzuwa ija inapeza polowera, ndipo mpweya unayamba kuchoka pang'onopang'ono, madzi nawo n'kutsatira.

Mawu amenewo andikhala m'mutu chigonereni pa mphasa. Chikadali chotentha, koma chinaleka kuyenda. Anthu otero ndimawadziwa, Fina, ndakula nawo, ena ndinawamangira nyumba. Anali ndi mitu yabwino, anaitanidwa kwina, koma anatsala pa zifukwa zabwino zokhazokha, wina kudwazika amake, wina kudikira kuti akolole kaye. Onse ankati chaka chamawa. Si anthu oipa ayi, mitima yawo ndi yofunda mpaka lero, ukawapeza pa sitolo adzakufotokozera bwinobwino kumene akanafika. Palibe tsiku limene anagamula kuti basi ndasiya. Zinangowachoka pang'onopang'ono osadziwa. Sindifuna kuti tsiku lina mwana wa munthu adzakupeze pa sitolo ukufotokoza za Mars.

Iwe ukuganiza kuti uteteza nyumba ino pokhala phee pakhomo. Tamvera tsono. Masabata oyamba aja nditatuluka m'chipatala ndinkafuna kungotembenukira kukhoma. Dzanja limene laumba njerwa za midzi yonseyi linkalephera kugwira kapu. Chimene chinandidzutsa si mapiritsi. Amayi ako anaima pamutu panga n'kunena kuti, "A Mbewe, mwana akunyamuka mu Okutobala. Mudzamuperekeza chigonere?" Tsiku limenelo ndinalola mafizo. Ndinayamba ndi kufika pakhomo, kenaka pa bwemba pano, ndipo sabata yatha, iwe uli kuchigayo, ndinakafika kumsewu ndi ndodo n'kubwerera ndekha. Ndinagwa kamodzi pafupi ndi mlambe, koma palibe anaona kupatula galu. Zonsezo ndachitira tsiku la mawa. Ukamasula katundu, ndiye kuti ndagwera chabe pa mlambe paja, ndipo ndikudzidziwa, ndidzabwerera pa mphasa n'kutembenukira kukhoma. Usausiye moto, Nambewe, ndakupempha.

Zina ndi zazing'ono, koma bambo sangazisiye. Uzidya, ngakhale chakudya chawo chikhale chopanda mchere. Wakhala ukuiwala kudya ukagwira buku kuyambira uli wamng'ono, ndipo kumeneko kulibe amayi ako oti akulande bukulo. Upeze tchalitchi sabata yoyamba yomwe, usadikire kuti mavuto akulozere njira. Akuti kumeneko nyengo yozizira dzuwa limalowa anthu asanaweruke, ndiye mtima umalemera popanda chifukwa. Zikakuchitikira usadzitsekere m'chipinda, ufune anthu, ngakhale a dziko lina, mudye limodzi. Akakufunsa kwanu usangoti Malawi n'kusiyira pomwepo. Uwauze kuti Golomoti, kumunsi kwa phiri, kumene nthaka imagwedezeka, ndipo bambo ako ndi woumba njerwa. Za amuna sindinenapo, zimenezo amayi ako anena kale zokwanira anthu awiri. Langizo langa ndi limodzi, ugogode kaye.

Ntchito yangayi ikutha, ndikudziwa. Kale chilimwe chikafika, kuyambira pano mpaka pa Mtakataka unkaona mauvuni m'mbali mwa msewu akufuka, fungo la dothi lopsa lili ponseponse. Tinkaponda matope tikuimba, akazi akubwera ndi thobwa m'ndowa, ana akuotcha mbatata pa phulusa la m'makomo. Iwe unkapempha dothi pang'ono n'kuumba tinjerwa tako m'bokosi la machesi, n'kundikakamiza kuti nditiike pakati penipeni kuti tipse bwino. Phiri linali lakuda ndi mitengo, tinkaona ngati sidzatha. Lero likuoneka nthiti, ndipo achinyamata akuumba mabuloko a simenti. Sindikuwada, mwina akuchita bwino kuposa ife. Koma ndimalisowa fungo lija, Fina, ndimalisowa kwambiri, ndipo ndimakasowa kamtsikana ka diresi yobiriwira kamene kankandidikira pa uvuni ndi bokosi la machesi.

Uvuni uwu uli kuseriwu ndi wanga womaliza. Sunatsegulidwe, poti matenda anandigwira usanapole n'komwe. Anthu abwera angapo kudzafunsa njerwa, ndawabweza ndi dzanja. Sindinakuuze kuti ndinaziumbira chiyani. Pano ndi pamudzi pa amayi ako, ine ndine mkamwini chabe, koma iwe ndiwe mwini dothi, ndipo malo ako ndi awo ali pakati pa bwemba ndi chulu. Njerwa zimenezo ndi za nyumba yako. Uvuni womata bwino umakhala zaka osaonongeka, a Lufeyo avomera kuti aziumatanso ndi kuufolera mvula isanayambe. Sutsegulidwa mpaka udzabwere utamaliza, osati theka, utamaliza.

Podzatsegula udzayambire pamwamba. Za m'mphepete udzaziike padera, zimenezo ndi za khitchini ndi khola. Za pafupi ndi makomo zimakhala zakuda, zopsereza, zimenezo ndi za maziko. Zabwino zenizeni zili pakati. Ukadzandipeza, ndidzakhala pa mpando womwe uno n'kumalamula ndi ndodo mpaka mudzatope nane. Ukadzapanda kundipeza, usadzadziimbe mlandu, ndakutuma ndine. Udzangotenga njerwa imodzi ya pakati n'kuigogoda. Ndinakhala pa makomo a uvuni umenewo kuyambira poyatsa mpaka pomata, osasuntha. Udzamva wekha kuti ulendo uno bambo ako sanausiye moto.

Masana ano, iwe ndi amayi ako muli kumjigo, ndinalowa m'chipinda chako. Jekete ija ndaichotsa pa msomali, ndaipinda mmene ndathera, ndaibwezera m'chikwama. M'thumba lake lamanja muli maginito aja a wailesi, amene amayi ako akhala akusungirapo masingano zaka zonsezi. Adzakalipa akadziwa, koma ndidzanamizira pakamwa kuti sindingathe kuyankha. Mawa udzuke msanga, minibasi za m'mawa ndi zimene sizichedwa kudzaza. Ndikuperekeza mpaka kumsewu ndi miyendo yanga, ndipo usandigwire mkono pokhapokha ndikapempha.

Zipi ya chikwamacho yandivuta zedi ndi dzanja limodzi. Ndachita kuponda ndi bondo n'kukoka ndi mano. Usandigwiritse ntchito imeneyo kawiri, mwana wanga.

Ndine bambo ako,
Mbewe wa njerwa